Chifukwa Chake Sitinasamukire ku Chilenje

Dalitso, mvula ya chaka chino itayamba unandipeza ndikukapa madzi m'nyumba, ndipo unandifunsa funso limene iwe ndi azilongo ako mwakhala mukulinong'ona kuyambira kale: bwanji anzanga amene ndinkagwira nawo ntchito akukalambira m'nyumba zouma ku Chilenje, pamene ife tidakali muno m'Kanyama momwe madzi amalowa osaodira? Ndinangokuuza kuti utenge chidebe china undithandize. Sikuti ndinalibe yankho. Ndinali nditatopa, ndipo nkhaniyi siyoti munthu n'kuifotokoza ataima m'madzi. Lero msana wandilola kukhala pampando, choncho ndikulemba kuti udzawawerengere azilongo akowo.

M'ma 1970: Ku Feira

Za ubwana wanga ku Katete ndizilumpha, n'zofanana ndi za aliyense. Ntchito ndinayamba m'nthambi ya boma yoona za madzi, ndili mnyamata wa tsitsi lambiri ndi nzeru zochepa. Atandiphunzitsa kuyeza mitsinje ananditumiza ku boma la Luangwa, limene akuluakulu amalitchabe Feira, pamene Luangwa amathira m'Zambezi. Ukaima pagombe pamenepo, tsidya lina la Luangwa ndi Mozambiki, ndipo nyumba za ku Zumbo zimaoneka bwinobwino. Kumatentha koti ngakhale mbuzi zimasiya kulira masana.

Madzi a Luangwa sakhala athu nthawi yaitali. Akalowa m'Zambezi amakathera m'damu lalikulu la ku Mozambiki, ndipo oyang'anira damulo amafunika kudziwiratu kuchuluka kwa madzi amene akubwera. Akadziwa msanga, amatsegula zitseko za damu pang'onopang'ono. Akadzidzimuka, amatsegula zonse nthawi imodzi, anthu okhala kumunsi n'kupeza minda ndi ziweto zapita. N'chifukwa chake maboma awiriwa anagwirizana kuti mtsinjewu tiziyezera limodzi.

Choyezera chathu tinkachitcha nsomba. Chinali chitsulo chachikasu chotalika ngati mkono, kumutu kuli pulopela, kumbuyo kuli mchira. Unkaitsitsira m'madzi ndi chingwe uli m'bwato, madzi n'kumazungulitsa pulopelayo, ndipo kuzungulirako kunkamveka kuti the, the, the m'kachipangizo kovala kukhutu. Wina ankatsitsa, wina ankawerenga kulirako akuyang'ana wotchi. Tinali ndi lamulo limene silinalembedwe paliponse, lakuti muyeso wa munthu mmodzi suwerengedwa. M'bwato munkakhala wa Zambia ndi wa Mozambiki. Kuchokera kugombe lathu ine ndinkatsitsa, mnzanga akuwerenga, ndipo tikafika pakati pa mtsinje, pamene pali malire, tinkasinthana. Motero panalibe dziko loti n'kudzanena kuti linzake labisa madzi.

Mnzanga wa tsidya lina anali a Joakimu, bambo wamfupi wadazi, amene ankayankhula Chikunda ine ndikuyankha m'Chichewa, ndipo tinkamvana popanda vuto. Tsiku loyamba ndinakangamira chingwe, pofuna kuonetsa kuti ndine wochangamuka.

"Kompadire, pano ndi pakati. Bweretsani chingwe," iwo anatero.

"Mwadziwa bwanji kuti ndi pakati? Pamadzi palibe mzere."

"Mlambe uja ukabisala kuseri kwa tchalitchi, ndiye kuti tafika. Mukapitirira mukhala mukugwira madzi a Mozambiki, ndipo mayi anga amachapira m'menemo."

Ndinaseka n'kuwapatsa chingwe. Kuyambira tsikulo sananditchulenso dzina langa loti Sakala, ndinangokhala kompadire, ndiko kuti bwenzi lapamtima m'Chipwitikizi, mpaka imfa yawo.

M'ma 1980: Kanyama ndi kusowa

Anandisamutsira ku likulu kuno ku Lusaka nditakwatira amayi ako, koma ku Luangwa ndinkapitabe mvula ikamayandikira komanso ikamatha. Nyumba za nthambi yathu ku Chilenje zinali zodzaza. Anandiuza kuti ndidikire, ndipo podikirapo tinamanga zipinda ziwiri muno m'Kanyama, pamwala pamene madzi amvula sadziwa kolowera. Amayi ako anagulitsa vitumbuwa mpaka anakoketsa paipi, n'kuikapo mpopi wachitsulo chachikasu umene ankaupukuta ndi phulusa. Unatuluka madzi kanthawi kochepa, kenako unayamba kutsokomola mpweya wokhawokha, kenako unangoti zii. Choncho m'chilimwe amayi ako ankasenza madzi kuchokera kutali, m'dzinja ankawatulutsa m'nyumba ndi chidebe. Ankakonda kuuza anzawo kuti, "Amuna anga amayeza madzi a mayiko awiri, koma a m'chipinda mwawo sanawayezepo." Ine ndinkangoseka, nanga ndikanatani.

Mkuwa utagwa mtengo zonse zinagwa nawo. Iwe ukukumbukira mizere ya unga, ya mafuta ophikira a saladi ndi ya sopo, pakuti tinkakuimikani pamzere wina ife tili pa wina. Kuofesi galimoto zinakhala pamiyala imodzi ndi imodzi, udzu n'kumera pansi pake. Ulendo wa ku Luangwa ndinayamba kuyenda pa basi mpaka pa mlatho wa Luangwa, kenako kudikira lole iliyonse yolowera ku Feira, bokosi la nsomba lili pamiyendo. Ndiye chaka china madzi atadzaza, chimtengo choyenda pansi pa madzi chinamenya nsomba yathu n'kuphwanya pulopela. Bwana wathu panthawiyo anali Ba Mulenga, injiniya wochokera ku Migodi ya mkuwa, munthu wodziwa ntchito ndiponso wosakonda kukalipa. Anaitanitsa pulopela wina kunja, koma ndalama zakunja kunalibe, ndipo sanabwere mpaka lero.

A Joakimu analinso ndi nsomba ya boma lawo, ndipo inatithandiza kanthawi, mpaka nkhondo ya kwawo inafika ku Zumbo. Ofesi yawo inapsa. Iwo anaoloka mtsinje ndi banja lawo, ndipo pa katundu yense wa boma anangopulumutsa mutu wa nsomba, umene anaumasula n'kuuika m'thumba la jekete. Banja analisiya kwa abale ku Feira, iwo n'kubwera kudzakhala nafe kuno miyezi ingapo. Ndiwo bambo adazi aja amene ankakuphunzitsani kuwerenga m'Chipwitikizi, inu mukufa ndi kuseka.

Tsiku lina tinaika zidutswa ziwirizo pamphasa. Zambia inali ndi thupi ndi mchira wopanda mutu, Mozambiki inali ndi mutu wopanda thupi. Tinayesa kulumikiza koma mazinga ake sankagwirana, pakuti nsombazo zinapangidwa m'mayiko osiyana. Tinapita nazo kwa Ba Chanda, amene ankakonza mawotchi ndi mapulaimasi ophikira pafupi ndi msika. Anazitembenuza n'kunena kuti, "Vingagwilane ivi, koma nifuna kansimbi, kachitsulo ka yelo kofewa, nipange kolumikizila pakati. Manje kansimbi kameneko mu Lusaka muno mulibe, mwandi." Tinabwerera kunyumba manja ali lende. Amayi ako atamva anaimirira. Anatenga sipanala ya njinga, anakamasula mpopi wawo uja, n'kuuika patsogolo pa a Joakimu.

"Tengani. Kuno unapuma kale pa ntchito, mwina kumtsinje ukaonako madzi."

Ba Chanda anaudula, anausema, ndipo mutu wa Mozambiki unakhala pa thupi la Zambia. Tinakaiyesa ku mtsinje wa Kafue pambali pa nsomba ina yobwereka, Ba Mulenga akuonerera, ndipo ziwirizo zinkalira mofanana. Ba Mulenga anati ndiziisunga kunyumba, chifukwa m'sitolo ya kuofesi denga linkadontha ndipo zinthu zinkamera miyendo. Ndilo bokosi lija linkakhala pamwamba pa kabati, limene tinkakuletsani kukhudza. Nkhondo ili mkati tinkayezabe, nthawi zina asilikali akutiyang'ana kuchokera pagombe.

M'ma 1990: Sipanala

Nkhondo ya ku Mozambiki itatha a Joakimu anabwerera ku Zumbo. Kuno kwathu ndiye kunayamba kudula anthu ntchito. Panthawi yomweyo boma linayamba kugulitsa nyumba zake kwa ogwira ntchito pamtengo wotsika, ndipo Ba Mulenga anandimenyera nkhondo kuti nyumba ina ya ku Chilenje, imene wokhalamo wake anasamukira kumudzi, ikhale yanga. Tinapita kukaiona ndi amayi ako Loweruka lina. Inali pamalo okwera, ya khonde la masitepe, kuseri kuli mtengo wa gwafa. Amayi ako anavula nsapato n'kuyenda m'zipinda zonse. Atafika kukhitchini anatsegula mpopi, madzi n'kutuluka, ndipo anangoima akuwayang'ana mpaka ndinachita kuwakumbutsa kuti atseke. Pobwerera m'minibasi anali akugawa kale zipinda, ichi cha atsikana, ichi cha Dalitso.

Sabata yotsatira Ba Mulenga anandiitana n'kutseka chitseko.

"Ba Sakala, nkalani pansi. Vinthu vavuta. Sekishoni yanu baitseka. Kupima kwa ku Luangwa kwaima mpaka bakulubakulu bakasaine chipangano cha manje."

"Adzasaina liti, bwana?"

"Bakali kukumana mumahotela. Imwe na ine tizankala tapuma kale pa nchito. Manje mvelani. Katundu yonse ya boma ifunika kubwela mu sitolo, baigulise monga sikilapu. Amene sanabweze, kiliyalansi kulibe. Kiliyalansi kulibe, nyumba kulibe."

Kiliyalansi inali chikalata chosonyeza kuti ulibe katundu wa boma m'manja mwako. Ndinawakumbutsa kuti nsombayo theka ndi ya Mozambiki, ndipo kuimasula n'kupha nsomba yokhayo imene inatsala pa mtsinje wonsewo. Anavula magalasi n'kutikita m'maso.

"Niziba, Ba Sakala. Ndine ninaiona ku Kafue, mwaibala? Nakamba nabo, nalemba, nachondelela. Beve bafuna chabe nambala ili pa muchila. Yendani mubweze mutu kuli bene bake, mubwelese mbali yathu. Ganizilani bakazi banu."

Sanali munthu woipa. Nayenso dzina lake linali pa odulidwa, ndipo ankaoneka ngati sanagone bwino kwa mwezi wathunthu.

Kunyumba ndinawafotokozera amayi ako zonse, akusankha nyemba pakhomo. Sanadzutse mutu.

"Ndiye chovuta n'chiyani, atate ake Dalitso? Sipanala ilipo."

"Anthu othawa nkhondo abwerera, amake Dalitso. Alima m'zilumba ndi m'magombe kumunsi kwa damu. Popanda muyeso, a kudamu adzangodzidzimuka."

"Anthu amenewo ali ndi boma lawo. Ine boma langa ndinu. Ndapirira matenda a kolera muno, ndagoneka ana pa tebulo madzi ali m'mawondo. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo amene wavumbwa zaka zonsezi ndine." Anathira nyemba m'poto n'kuimirira. "Chitani zimene mwaganiza, koma musadzauze ana kuti ine ndinavomera."

Ndiye ndikukuuza monga anandilamulira, Dalitso: amayi ako sanavomere.

Ndinanyamuka ndi bokosi ndi sipanala m'thumba, ndipo mumtima ndinali nditatsimikiza kuti ndikamasula. Ku Feira ndinapeza mtsinje wayamba kufiira, chizindikiro chakuti kumtunda mvula yagwa. A Joakimu anaoloka, ndipo tinayeza komaliza monga mwa nthawi zonse, kusinthana chingwe mlambe utabisala kuseri kwa tchalitchi. Titakocheza kugombe lathu ndinawauza zonse. Ndinkayembekeza kuti andichonderera, mwina zikanandipepukira ndikanakhala ndi wokangana naye. Koma iwo anangogwira mutu wa nsomba ndi manja awiri kuti isatembenuke, n'kundilozera polumikizira paja.

"Masulani, kompadire. Akazi anu anatidyetsa nthawi ya nkhondo. Avutika mokwana."

"Nanga inu muyeza ndi chiyani?"

"Ndiziponya chitsotso cha chimanga pamadzi n'kumachithamangira m'mbali, ngati makolo. A kudamu akakhulupirira, chabwino. Akapanda kukhulupirira, basi."

Ndinaika sipanala pa chitsulo cha mpopi chija n'kupotoza. Chinayenda mosavuta, chikanamasuka ndithu. Ndinayang'ana mtsinje ukukwera, zinyalala ndi nthambi zikudutsa, ndipo ndinasiya kupotoza. Sindinaganize za mayiko kapena za chipangano, ndisakunamize. Ndinangoona kuti moyo wanga wonse ndinauthera pa kulira kwa kanthu kameneka, ndipo ndikakamasula, mawa mtsinje udzadzaza popanda woumva. Ndinabweza sipanala mbali inayo n'kumanga zolimba, kenako ndinaisiya nsomba yonse m'manja mwa a Joakimu.

"Muyeso wa munthu mmodzi suwerengedwa," a Joakimu anatero.

"Wopalasa bwato wathuyu ndi wa ku Feira, ndi m'Zambia. Muphunzitseni kuwerenga, akhale khutu lathu."

Ndinabwerera ku Lusaka ndi sipanala yokha. Ba Mulenga atandiona ndilibe bokosi anangoti, "Ba Sakala, mwazipaya mweka," kutanthauza kuti ndadzipha ndekha. Anayesetsa kuti nkhani isafike kupolisi, ndipo inathera pakuti ndinataya katundu wa boma. Kiliyalansi sinatuluke mpaka nyumba zonse zinatha. Ya gwafa ija anapatsa dalaivala wathu wina, munthu wabwino wa ana ambiri. Dzinja limenelo amayi ako ankaphika, ankachapa, ankandipatsa madzi osamba, koma mawu ndi ine analibe. Madzi atalowa m'nyumba tinkakapa aliyense mbali yake.

Zaka za kupuma

A Joakimu anayezabe ndi wopalasa bwato uja kwa zaka zingapo, manambala n'kumatumiza kudamu pa wailesi. Kenako akuluakulu aja anasaina chipangano chawo, zithunzi zinatuluka m'nyuzipepala, ndipo kunabwera makina atsopano oyeza okha. Ngati manambala a zaka zapakatizo anapulumutsa munthu kapena mbuzi, ine sindikudziwa. Palibe anabwera kudzandiuza, ndipo madzi amene sanakokolole mudzi sasiya chizindikiro. Nthawi zina ndimaganiza kuti ndinagulitsa nyumba youma ndi mphepo. Nthawi zina ndimaganiza kuti ndikanachitanso chimodzimodzi. Zimatengera mmene msana wadzukira tsikulo.

Chaka chatha, m'chilimwe, kunabwera mayi wina pakhomo atasenza bokosi lija. Anali Roza, mwana wa a Joakimu, amene ndinamusiya ali kamtsikana. Anatiuza kuti bambo ake anamwalira, ndipo asanamwalire anayesa kumasula nsombayo kuti atibwezere mbali yathu, pokhulupirira kuti mwina nyumba ija ingapezekebe. Anayesa ndi mafuta, anayesa ndi moto, koma zitsulozo zinali zitagwirana. Choncho anati aibweretse yonse.

Ndinapita nayo kuofesi yathu yakale. Mtsikana wina, injiniya, anandilandira mwaulemu, anandipatsa mpando ndi madzi akumwa. Anaiyang'ana nsombayo mwachidwi, anaijambula pa foni, koma anati alibe buku lililonse loilandiriramo, ndipo za nyumba zinatsekedwa iye ali kusukulu. Anandiperekeza mpaka pa geti. Ndinakwera minibasi ya ku Kanyama bokosi lili pamiyendo, kondakitala akufuna kuti ndililipirire mpando wake.

Amayi ako ataliona sanafunse za ku ofesi. Anatsegula, n'kupeza pamene panali chitsulo chawo, chitada ndi zaka. Anachikanda ndi chikhadabo mpaka chikasu chinaoneka.

"Mpopi wanga uwu," anatero. "Waona mayiko, mwini wake ndili pompano."

Sabata yatha, iwe utapita, mvula inagwanso tsiku lonse. Ngalande ya kumsewu inasefukira, madzi n'kudutsa pabwalo pathu mothamanga, kulowa pakhomo lakutsogolo n'kutulukira lakuseri. Tinakweza matiresi pa tebulo monga mwa chizolowezi. Ine ndinatenga chidebe, koma amayi ako anandilanda n'kuchiponya pambali.

"Siyani, mukukapira kuti? Tsitsani chinsomba chanucho. Zaka zonsezi madzi a m'nyumba muno simunawayezepo."

Ndinaganiza kuti akundinyoza, ndipo mwina ankandinyozadi pang'ono. Ndinaitsitsa, ndinaikamo mabatire a tochi, ndinamanga chingwe. Titaima pakhomo, madzi ali m'akakolo, ndinaiika m'madzimo. Pulopela wa a Joakimu anazengereza, kenako anayamba kuzungulira. Ndinatenga kachipangizo ka kukhutu kuti ndivale, koma amayi ako anatambasula dzanja.

"Bweretsani kuno. Suja munkati muyeso wa munthu mmodzi suwerengedwa?"

Anakavala pamwamba pa duku, anatseka maso, milomo ikuyenda. Anawerenga nthawi yaitali kuposa imene ntchito imafuna, ndipo ine sindinawaimitse. Atatsegula maso anandiyang'ana.

"Ndi ambiri, atate ake Dalitso," anatero. "Tsopano bweretsani chingwe, inu muwerenge."